Nkhono yomwe tonse tili nayo m'khutu

Pa 3 Marichi, tsiku lomwe dziko lonse limakumbukira za kumva, azaumoyo amatchula kwambiri mawu akuti cochlea. Ambiri amati chimenechi ndi Chingerezi cha madokotala. Ayi ndithu. Gwero lake ndi mawu a Chigiriki akuti kochlias, kutanthauza nkhono, yomwe ija ana amatola zigoba zake pamchenga wa ku Senga Bay mwera ukaleka.

Dzinali linakhazikika mu 1561, pomwe Gabriele Falloppio wa ku Padua, m'dziko la Italy, analemba za kanthu kopiringizika kobisika m'fupa, kuseri kwa mwinikhutu. Kamazungulira kawiri ndi theka, ndipo kukula kwake ngati kambewu ka nandolo. Mu 1851 Alfonso Corti anafotokoza zamkati mwake. Muli madzi komanso timaselo taubweya pafupifupi 15,000. Mawu akagwedeza madziwo, ubweyawo umawerama ngati bango pamafunde, uthenga n'kupita ku ubongo. Georg von Békésy, yemwe anaonetsa momwe mafundewo amayendera, analandira mphoto ya Nobel mu 1961.

Vuto ndi loti timaseloti tikafa sitimeranso. Mankhwala a streptomycin atatulukiridwa mu 1943, odwala TB anayamba kuchira, koma ena anachira ali ogontha. Phunziro limenelo silinamveke msanga. Kwa zaka zambiri, kuno kumwera kwa Africa, wodwala TB yosamva mankhwala ankabayidwa jakisoni wa kanamycin pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo. Jakisoniyu nayenso ankagonthetsa ena. Zinkayamba ndi kulira kwa m'khutu, ngati nyenje masana a mu Okutobala. Kenako mawu ang'onoang'ono, monga a mbalame, ankasowa, chifukwa pakhomo pa nkhono, pomwe timamvera mawu otere, ndi pomwe pamayamba kuwonongeka. Mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti jakisoniyu asiyidwe.

Zipangizo zoyezera kumva zinali zosowa, n'zoona. Koma ine ndimaona kuti dzinalo nalo linatilakwira. Linangotsalira m'mabuku a madokotala, pomwe Chichewa chake chili mbwee pagombe. Msodzi wa ku Senga Bay akadauzidwa kuti, "Bambo, m'khutumo muli nkhono, ikayamba kulira mubwere msanga," akadamva. M'malo mwake amangoti khutu latseka, n'kutenga kamtengo ka machesi kukatokosa, pamene chawonongekacho chili mkati mwa fupa momwe kamtengo sikafika.