Orangi: Mbiri ya Dera Limene Eni Ake Anadzikumbira Ngalande

Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Karachi, m'dziko la Pakistan, kuli dera lotchedwa Orangi. Linakhala kuseri kwa timapiri touma, kunja kwenikweni kwa mzinda, ndipo lero mukukhala anthu pafupifupi 2 miliyoni kapena kuposerapo. Ambiri mwa iwo ndi amisiri, oyendetsa mabasi, osoka zovala, ogulitsa m'misika ndi ogwira ntchito m'mafakitale. Dera limeneli limadziwika padziko lonse chifukwa cha zimene zili pansi pa tinjira take: mapaipi a suweji amene anthu osauka anagula ndi ndalama zawo, nakumba okha ngalande zake, nawakwirira okha.

Orangi inayamba cha m'ma 1965, pamene bungwe loona za chitukuko cha mzindawu, la Karachi Development Authority, linadula mapuloti m'chipululumo. Malo amene boma linakonza anadzaza msanga. Mu 1971 nkhondo inagawa Pakistan pawiri, chigawo chakummawa n'kukhala dziko la Bangladesh, ndipo anthu ambiri olankhula Chiurdu anathawa kumeneko n'kubwera ku Karachi. Enanso ankabwera kuchokera kumapiri akumpoto ndi kumidzi ya ku Punjab kudzafuna ntchito. Onsewa anafunika pogona, ndipo amene anawapatsa pogonapo anali madobadoba a malo. Iwo ankalowa m'malo a boma, n'kudula mapuloti m'mizere yowongoka, n'kumagulitsa motchipa, akuluakulu ena a boma ndi apolisi atalandira kangachepe. Anthu anamanga nyumba za mabuloko a simenti pang'onopang'ono, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Malo otere ku Pakistan amawatchula kuti katchi abadi, ndipo pamapepala a boma Orangi yambiri kunalibe.

Popeza boma silinkalizindikira deralo, khonsolo sinkaika mapaipi. Mabanja ambiri ankadzithandiza m'zidebe zimene anthu aganyu ankadzakhuthula patapita masiku, nthawi zambiri pabwalo kapena m'khwawa lapafupi. Amene anali ndi ndalama ankakumba maenje, koma maenjewo ankadzaza msanga ndipo chinyontho chinkadya maziko a nyumba. Madzi ochapira ndi osambira ankangoyenda pakati pa kanjira, pomwe ana ankasewera. Matenda otsekula m'mimba, malungo, tayifodi ndi mphere sankatha pakhomo, ndipo ndalama zochepa zimene banja linkapeza zinkathera kwa dokotala. Anthu ankalemba makalata, ankapita kwa andale, ankalonjezedwa nthawi ya chisankho, kenaka n'kumadikira.

Munthu amene anasintha kaganizidwe kameneka anali Akhtar Hameed Khan. Anabadwira ku Agra mu 1914, ndipo ali mnyamata analowa ntchito yapamwamba m'boma la atsamunda a ku Britain ku India. Ataona njala yoopsa ya ku Bengal ya mu 1943, mtima wake unachoka pantchitoyo, ndipo mu 1945 anatula pansi udindo n'kukakhala pakati pa amisiri, akugwira ntchito yokonza maloko. Mu 1959 anayambitsa sukulu ya chitukuko cha kumudzi ku Comilla, m'chigawo chakummawa chija cha Pakistan, imene inatchuka ndi magulu a alimi osunga ndi kubwereketsana ndalama. Pamene ankafika ku Orangi mu 1980 anali wamkulu wazaka zoposa 60. Ndi thandizo la ndalama lochokera ku BCCI Foundation, anakhazikitsa bungwe laling'ono lotchedwa Orangi Pilot Project.

Miyezi yoyamba sanamange kanthu. Ankangoyenda m'tinjira, akucheza ndi eni nyumba, amisiri, makhansala ndi madobadoba omwe. Chimene anapeza n'chakuti anthu a ku Orangi sanali ongokhala. Nyumba anamanga okha, sukulu anatsegula okha, ndipo ena anali atayesa kale kuika mapaipi, kungoti ankawaika molakwika, osayeza kutsetsereka kwa malo, motero ankatsekeka. Iye anaona kuti panali zotchinga zinayi. Anthu ankakhulupirira kuti suweji ndi ntchito ya boma ndipo iyenera kubwera mwaulere. Mtengo wa suweji yomangidwa ndi makontilakitala unali woti wosauka sangaufike. Luso loyeza ndi kujambula ntchitoyo linalibe wowaphunzitsa. Ndipo panalibe gulu loti lisonkhetse ndalama anthu n'kulikhulupirira.

Mtengo ndi umene anayamba nawo. Pamodzi ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba, Arif Hasan, amene anadzalowa m'ntchitoyi mu 1981, anauphwanya mtengowo chidutswachidutswa kuti aone komwe ndalama zinkapita. Gawo lalikulu linali phindu la kontilakitala, ziphuphu, komanso malamulo a kamangidwe ochokera kunja amene ankafuna ngalande zakuya ngati za pansi pa misewu yodutsa malole. M'tinjira ta ku Orangi simudutsa malole, choncho mapaipi akanatha kukhala pafupi ndi pamwamba. Bungweli linapanga zikombole zachitsulo zoumbira maenje a simenti oyang'anirira mapaipi, n'kumazibwereketsa mwaulere pamodzi ndi zipangizo zina. Pakati pa chimbudzi cha banja ndi paipi ya m'kanjira anaikapo kathanki kakang'ono kogwira zolimba, kuti banja losasamala litseke paipi yake yokha, osati ya anzake. Zonsezi zitachitika, mtengo unatsika kwambiri, kufika poti banja la munthu waganyu linkatha kulipira gawo lake.

Nzeru yaikulu koposa inali yosankha kanjira ngati maziko a ntchito yonse. Kanjira kamodzi ku Orangi kamakhala ndi nyumba 20 mpaka 40. Anthu ake amadziwana mayina, amadziwa wolipira ngongole ndi wozemba, amakumana pamaliro ndi pamaukwati. Gulu lalikulu la dera lonse likanagwidwa ndi andale, koma gulu la kanjira kamodzi linali laling'ono moti aliyense ankaona komwe ndalama yake yapita. Antchito a bungweli, omwe ambiri anali a ku Orangi komweko, ankaitanitsa msonkhano m'kanjira n'kufotokoza. Anthu akagwirizana, ankasankha mmodzi mwa iwo kukhala mtsogoleri wa ntchito, ndipo iye ankalemba kalata yopempha thandizo. Akatswiri ankabwera kudzayeza malo, kujambula mapu ndi kuwerengera simenti, mchenga ndi mapaipi ofunika. Kusonkhetsa ndalama, kugula zipangizo, kulemba amisiri ndi kukumba zinali za eni kanjira. Bungwelo silinkagwira ndalama ya anthu ngakhale imodzi, ndipo silinkawapatsa ndalama yomangira.

Poyamba zinkayenda mwapang'onopang'ono. Koma kanjira kamodzi kakauma, fungo n'kutha, anthu a kanjira koyandikana ankabwera okha kudzafunsa. Amayi anali patsogolo, chifukwa ndiwo ankavutika kwambiri ndi zidebe komanso ana odwala. Ambiri ankapatula ndalama ya ndiwo kuti gawo la banja likwane, ndipo m'tinjira tina ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kutolera zopereka. Malo enieniwo anathandizanso. Orangi ndi yotsetsereka, ndipo ili ndi makwawa achilengedwe otengera madzi a mvula kunyanja. Tinjira toyandikira makwawawo tinayamba, ndipo takutali tinagwirizana kumanga mapaipi apakati olumikiza tinjira tingapo, nthawi zina makhansala atakakamizidwa kuikapo ndalama za khonsolo.

Si onse anakondwera ndi njira imeneyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mlangizi wochokera ku nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anati ntchitoyi inalibe pulani yaikulu ndipo sinkatsata malamulo a uinjiniya. Kusamvanako kunafika poti Orangi inagawidwa pawiri, mbali ina n'kupatsidwa ntchito yoyendetsedwa ndi akatswiri obwera. Patapita zaka zingapo, ntchito ya akatswiriyo inatsekedwa itafika m'tinjira towerengeka, pomwe kumbali ya anthu tinjira tokonzedwa tinali titafika masauzande.

Kuchokera m'zaka zimenezo kunatuluka mfundo imene Orangi inapatsa dziko. Suweji ili ndi zigawo ziwiri. Chamkati ndi chimbudzi cha m'nyumba, paipi ya m'kanjira ndi paipi yolumikiza tinjira. Izi anthu angathe kulipira, kumanga ndi kusamala okha. Chakunja ndi mapaipi akuluakulu ndi malo oyeretsera zonyansa. Izi ndi za boma, ndipo palibe kanjira kangazisenze. Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo anthu a ku Orangi anayamba ndi chimene dzanja lawo linkafikira, koma sanalimasule boma pa udindo wake. Iwo anangochepetsa katundu wa boma kuti lisowe chonamizira.

Zotsatira zake zinaoneka. M'kupita kwa zaka, tinjira toposa 90 pa 100 tiliwonse tinakhala ndi mapaipi apansi, ndipo mabanja oposa 100,000 anakhala ndi zimbudzi zamadzi m'nyumba zawo. Imfa za makanda zinatsika kwambiri. Ntchito inafalikiranso kumbali zina za moyo. Bungweli linagwira ntchito ndi eni malo oumbira mabuloko, omwe ankakongoza anthu zipangizo zomangira, kuti aziumba mabuloko olimba ndi makina. Linaphunzitsa amayi za katemera ndi kulera, linathandiza sukulu zimene anthu anatsegula okha, ndipo mu 1987 linayambitsa ngongole zazing'ono za mabizinesi a m'nyumba kudzera ku Orangi Charitable Trust. Mu 1988 ntchito zonsezi zinagawidwa m'mabungwe oima paokha, ndipo ya ukhondo ndi nyumba inapita ku nthambi ya kafukufuku ndi maphunziro yotchedwa OPP-RTI.

Zonsezi zinkachitika pakati pa mavuto aakulu. Mu December 1986 kunabuka ziwawa za mitundu m'madera a Qasba ndi Aligarh, pafupi ndi Orangi, ndipo anthu ambiri anaphedwa. Zaka zotsatira Karachi inakhala mzinda wa mfuti ndi zipani zolimbana. Khan mwiniwake ananamiziridwa mlandu wonyoza chipembedzo atakalamba, ndipo anavutika nawo m'makhoti kwa zaka. Anamwalira mu 1999, ntchito ili m'manja mwa anthu amene anawaphunzitsa.

M'badwo wachiwiriwu unatenga chida china, chomwe ndi mapu. Achinyamata a m'madera osauka anaphunzitsidwa kuyeza malo, ndipo anajambula tinjira, mapaipi ndi makwawa a Karachi mwatsatanetsatane kuposa mapu a boma. Mapuwo anaonetsa kuti suweji yambiri ya mzindawu inkadutsa kale m'makwawa, motero kunali kotchipa kuwaka ndi kuvundikira makwawawo kusiyana ndi kukumba mapaipi atsopano. Ndi umboni umenewu, mu 1999 boma la chigawo cha Sindh linakana ngongole ya madola 70 miliyoni ya Asian Development Bank yomangira suweji ku Korangi, dera lina la Karachi, litaona kuti ntchitoyo ingatheke ndi ndalama zochepa za m'dziko momwemo. Njira ya ku Orangi inatengedwa ndi magulu a ku Faisalabad, Lodhran ndi mizinda ina, ndipo mu 2006 mfundo yogawana chamkati ndi chakunja inalowa m'ndondomeko ya ukhondo ya dziko lonse la Pakistan.

Amene ankatsogolera ntchito ya mapu anali Perween Rahman. Anabadwira ku Dhaka mu 1957, ndipo banja lake linafika ku Karachi litathawa nkhondo ya 1971, monga anachitira ambiri a ku Orangi. Atamaliza maphunziro ojambula mapulani a nyumba, anasiya ntchito ya malipiro abwino n'kudzipereka ku Orangi kwa zaka pafupifupi 30. Analemba za anthu oba madzi m'mapaipi a mzinda n'kumawagulitsa m'magalimoto a matanki, ndiponso anathandiza midzi yakale yozungulira Karachi kupeza zikalata za malo awo, zomwe zinakwiyitsa olanda malo. Pa 13 March 2013 anawomberedwa n'kuphedwa ali m'galimoto pobwerera kunyumba kuchokera ku ofesi. Anzake anapitiriza ntchito.

Orangi ya lero siinafike pabwino. Madzi akumwa ndi osowa, ndipo mabanja ambiri amagulabe a m'matanki pamtengo wokwera. Zonyansa zambiri za Karachi zimathirabe m'nyanja zisanayeretsedwe, chifukwa gawo lakunja lija boma silinalimalize. Madzi atasefukira mu August 2020, khoti lalikulu linalamula kuti makwawa akulitsidwe, ndipo mu 2021 nyumba masauzande za m'mbali mwa makwawa a Orangi ndi Gujjar zinagwetsedwa, zina mwa izo za mabanja okhala ndi zikalata.

Mbiri imeneyi imatsutsa bodza lakuti osauka sangadzikonzere malo awo mpaka wina wakunja abwere ndi ndalama. Imatsutsanso bodza linzake, lakuti popeza osauka amatha kudzithandiza, boma lingapume. Anthu a ku Orangi anachita mbali yawo yonse, ndi ndalama zawo ndi manja awo, kanjira ndi kanjira, kwa zaka zoposa 40. Zimene zatsala, madzi okwanira, malo oyeretsera suweji ndi chitetezo cha nyumba zawo, ndi ngongole imene boma lili nayo kwa iwo, ndipo ali ndi ufulu wonse woifunsa.