Mbiri Yobisala m'Mimba mwa Gitala

Tikamakamba mbiri ya nyimbo m'dziko muno, timathamangira kutchula mayina a oimba. Timakumbukira amene anatisangalatsa pa wailesi, amene anatitonthoza pa maliro, ndi amene anativinitsa pa ukwati mpaka fumbi koboo. Koma ndi ochepa amene amafunsa kuti chida chimene woimbayo ananyamula anachipanga ndani, anachipanga ndi chiyani, nanga nzeru yake anaitenga kuti. Ine ndinayamba kufunsa mafunso amenewa nditaphunzira kupanga gitala ndi manja angawa, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna kugawana nanu, anzanga okonda zolembalemba.

Ndine munthu wa mu ofesi, wogwira ntchito m'boma, wozolowera cholembera ndi mafayilo. Amene anandiphunzitsa ndi bambo ena achikulire, kalipentala wa ku Kawale mumzinda wa Lilongwe, amene kwa zaka zambiri akhala akukonza magitala othyoka a m'matchalitchi. Ndinkapita kwa iwo Loweruka lililonse kwa miyezi 8. Analibe buku ngakhale limodzi. Miyezo yonse inali m'mutu mwawo ndi pa kathabwa kena kakale kamene anakalembalemba ndi msomali. Madzulo ndikabwerera kunyumba ndinkawerenga mbiri ya chidachi, ndipo ndinkazizwa kuona kuti zimene bambowa ankandiuza pakamwa zinali zomwezo zimene amisiri a ku Ulaya anatulukira zaka zoposa 150 zapitazo.

Phunziro loyamba linali la nkhope ya gitala, thabwa lakutsogolo lija lokhala ndi bowo. Achikulirewo anandipalitsa thabwalo mpaka kutsala mamilimita osakwana 3, kenaka analigwira ndi zala ziwiri pafupi ndi khutu n'kumaligogoda. Likalira ngati ng'oma yowambidwa bwino, ankavomereza ndi mutu. Ankanena kuti nsambo payokha ilibe mawu, imangonjenjemera. Chimene chimakankha mpweya kuti khutu limve ndi nkhopeyo.

Amene anatsimikizira dziko lonse mfundo imeneyi ndi Antonio de Torres, mmisiri wa ku Almería m'dziko la Spain, amene anabadwa mu 1817 n'kumwalira mu 1892. Nayenso anayamba ngati kalipentala wamba. Gitala ya nsambo 6 inalipo kale kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, koma inali yaing'ono ndipo mawu ake sankafika patali. Torres anakulitsa mimba yake, anapepukitsa nkhope, n'kuichirikiza m'kati ndi timitengo 7 toyalidwa ngati zala za dzanja lotambasula. Mu 1862 anachita chinthu chodabwitsa: anapanga gitala ya nkhope ya thabwa labwino, koma msana ndi nthiti zake anazipanga ndi mapepala okhuthala. Gitalayo inalira, ndipo mpaka lero ikusungidwa m'nyumba yoonetserako zida zoimbira ku Barcelona.

Kutsidya kwa nyanja, ku America, banja la Christian Frederick Martin, amene anachoka ku Germany mu 1833, linatchukitsa njira ina yopingasa timitengo tam'katito ngati chilembo cha X. Njirayi inathandiza kwambiri pamene nsambo zachitsulo zinafala m'zaka za m'ma 1920, pakuti nsambo 6 zachitsulo zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70. Taganizirani katundu woposa thumba la chimanga akukoka kathabwa kopyapyala usana ndi usiku, chaka ndi chaka. Luso lonse la mmisiri lagona pamenepo: thabwa likhale lolimba kuti lisasweke, komanso lopepuka kuti liimbe.

Kwathu kuno gitala inafika m'katundu wa anthu apaulendo. Amuna amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia, komanso asilikali a King's African Rifles amene anabwerera kwawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, ena mwa iwo anabwera ndi magitala ndi mabanjo. Anapeza anthu amene nsambo sizinali zachilendo kwa iwo, chifukwa makolo athu anali kale ndi bangwe, kaligo woimbidwa ndi kauta, ndi zeze wa chipanda. Pamene Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za mu Africa, anayendera Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958, anajambula zonse ziwiri, bangwe wa kumudzi ndi gitala ya m'tauni. Nyimbozo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa.

Vuto linali mtengo wake. Gitala ya m'sitolo inali ya munthu wolandira malipiro, ndipo mnyamata woweta mbuzi sakanailota n'komwe. Apa ndiye pamene payambira mbiri yathu yeniyeni. Anyamata ankatola zigubu za mafuta a galimoto, n'kuziboola, n'kulowetsamo mtengo wosemedwa kuti ukhale khosi. Ena ankawamba chikopa cha mbuzi pa chitini. Nsambo zinkachokera ku waya wa mabuleki a njinga, womasulidwa kamodzikamodzi, kapena ku chingwe cha mbedza kwa anzathu akunyanja. Zokungira nsambo zinali zikhomo zosema. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 tikukumbukira magulu otere pa msika ndi pa depoti ya basi, chipewa chili pansi kudikira matambala. Anyamatawa sanamvepo za Torres, komabe anafika pa mfundo yake yomweyo, yakuti chofunika ndi chinthu chopyapyala chimene chinjenjemere pansi pa nsambo, zotsalazo ukhoza kutola kudzala.

Chimene chinandichititsa kuwavulira chipewa ndi nkhani ya mafureti, timawaya tija topingasa pakhosi pa gitala. Pa gitala yanga, mbali ya nsambo imene imalira ndi yotalika mamilimita 650. Fureti ya nambala 12 iyenera kukhala pakati penipeni, pa mamilimita 325. Kuti upeze malo a yoyamba, umagawa utali wonsewo ndi 17.817, n'kupeza mamilimita 36 ndi theka. Utali wotsalawo umaugawanso chimodzimodzi mpaka khosi litatha. Nambala yoyandikira imeneyi, ya 18, inalembedwa m'buku mu 1581 ndi Vincenzo Galilei, bambo ake a Galileo, katswiri wa nyenyezi uja. Ine ndinali ndi rula yachitsulo ndi foni yondiwerengera masamu. Mnyamata wa banjo ya chigubu anali ndi khutu lokha. Ankasuntha kawaya pang'onopang'ono mpaka mawu atagwirizana ndi nyimbo ya mumtima mwake, n'kukakhomera pomwepo. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyimbo zambiri zimene lero timati ndi zathuzathu zinakulira pa zida zoterezi. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene ali ana anakhalako ku Harare kumene anamva kwela, anakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria mumzinda wa Blantyre mu 1967 akuimba ndi gitala, chitoliro ndi besi ya nsambo imodzi yopanga pamanja. Daniel ankakonda kuchotsa nsambo imodzi pa gitala n'kutsala ndi 5, kuti chida cha alendo chimvere zala zake. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona, anagwedeza dziko ndi banjo pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band mpaka imfa yake mu 1995. Mwambowu sunafere pomwepo. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha ndi gitala ya nsambo 4, anakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo ayenda m'mayiko ambiri a ku Ulaya.

Ndanena za mtengo wa m'sitolo. Ndinenenso za mtengo wa m'nkhalango. Nkhope ya gitala yanga ndi ya paini. Msana ndi nthiti ndi za mbawa, ndipo nthitizo tinazikhotetsa pozinyowetsa n'kuzikanikiza pa paipi yachitsulo yotenthetsedwa ndi makala, kenaka n'kumanga zonse ndi malegeni kuti guluu agwire. Pakhosi tinamata kachidutswa ka phingo kamene tinagula kwa osema ziboliboli. Mbawa ndi phingo ndi mitengo imene mafakitale akunja amaifuna popanga zida zoimbira, koma kwathu kuno kupeza thabwa lake louma bwino, lopanda mfundo, kunatitengera masabata. Achikulire aja ankasimba za mkungudza wa ku Mulanje, thabwa lopepuka ndi lonunkhira limene ankapala ali anyamata. Mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phirilo. Nkhalango ikatha, luso la ousema mtengo limapita nayo limodzi.

Magitala a Torres amene anatsala anawerengedwa, anayezedwa, ndipo za moyo wake zinalembedwa m'mabuku. Mabanjo a zigubu amene analera nyimbo zathu anadyedwa ndi dzimbiri kuseri kwa nyumba, ndipo owapangawo ambiri anatsikira kulichete mayina awo osalembedwa. Awa sitingawadzutse. Koma amisiri ena akadalipo, ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi ndi m'midzi yathu, akupala matabwa ndi kukunga nsambo. Ife amene timadzitcha alembi tili ndi ngongole kwa iwo. Tipite tikakhale nawo pansi, tikawafunse amene anawaphunzitsa, mitengo imene amasankha, ndi mmene amadziwira kuti thabwa lakwana. Tikalembe m'Chichewa, m'mawu awo omwe, kuti mwana amene adzafune kupanga gitala yake yoyamba adzapeze poyambira.