Ngongole ya msonkho ku Neno: kuchokera pa msonkho wa nyumba kufika pa TPIN

Msonkho wolipira ndi ndalama udafika m'dera limene lero ndi boma la Neno pamodzi ndi ulamuliro wa Angerezi. Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, mkulu wa boma la Angerezi, Harry Johnston, adalamula kuti mwamuna aliyense azikhoma masheleni 6 pachaka, koma posakhalitsa lamulolo lidasintha n'kukhala msonkho wa nyumba wa masheleni 3. Azungu oyang'anira maboma masiku amenewo ankatchedwa Collector, kutanthauza wotolera msonkho, chifukwa imeneyi ndiyo idali ntchito yawo yaikulu.

Vuto la anthu a m'dera limeneli lidali lakuti chuma chawo sichidali m'ndalama. M'mapiri a Kirk Range ndi m'chigwa cha Lisungwi munthu ankalemera ndi nkhokwe, mbuzi ndi nkhuku, ndipo zosowa zake ankazipeza posinthanitsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma lidakweza msonkho kufika pa masheleni 6, koma amene wagwirako ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu ankalipira theka lokha akaonetsa kalata ya bwana wake. Motero msonkho udasanduka chikwapu chothamangitsira amuna ku maesiteti a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, kumene kunkachitikanso thangata. Kuchotsera theka la msonkho kumeneku kudatha mu 1921.

Wolephera kukhoma ankalangidwa pathupi ndi pakhomo pake. Asikali ndi amesenjala ankatentha nyumba za osalipira, ena ankawagwira kukalambula misewu kapena kunyamula akatundu a boma, ndipo nthawi zina ankatenga mkazi kukamusunga ku boma mpaka mwamuna wake atabwera ndi ndalama. Nkhanza zotere zidatchulidwa pakati pa madandaulo a anthu pa kafukufuku amene adachitika itatha nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915. Popeza Neno ili m'malire ndi Mozambique, kubisala kumapiri kapena kudutsa malire kwa masiku angapo kudali kotheka wotolera akamveka kuti ali m'njira. Amuna ambiri ankapitirira kudzera ku Tete mpaka ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Komabe nyumba ya mkazi wotsala inkawerengedwabe, choncho ndalama zoyamba zimene wapaulendo ankatumiza nthawi zambiri zinkathera ku msonkho, ndipo mkazi wa mtchona ankasenza yekha ngongoleyo.

Malamulo a mu 1912 ndi 1933 adaika gawo lalikulu la ntchito yotolera msonkho m'manja mwa mafumu. Nyakwawa inkadziwa nyumba iliyonse m'mudzi mwake, kalaliki ankalemba maina m'kaundula, ndipo wolipira ankalandira kachiphaso kosonyeza chaka chimene wakhomera. Kapepala kameneka kankasungidwa ngati diso: ena ankakapinda n'kukaika m'kachitini, ena m'kansungwi kopachika kudenga, kuopa chiswe ndi mvula, pakuti kakatayika mawu apakamwa sankamveka.

Ufulu utabwera mu 1964, msonkho wa mutu udapitirira kwa mwamuna aliyense wokwanitsa zaka 18, kaya ali pantchito kaya ndi mlimi chabe. Pamsika ndi pamsewu munthu ankafunsidwa chiphaso cha msonkho pamodzi ndi khadi ya chipani cha MCP, ndipo wopanda zimenezi ankabwezedwa kapena kugwidwa. Msonkho umenewu udathetsedwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Kuyambira pamenepo munthu sakhomanso chifukwa choti ali ndi mutu kapena nyumba, koma chifukwa cha zimene wapeza.

Bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA, lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 ndipo lidayamba ntchito mu 2000, litaphatikiza nthambi ya msonkho wa katundu wolowa m'dziko ndi ya msonkho wa phindu. Apa udindo udatembenuka. Kale wotolera ndiye ankasaka munthu m'mudzi. Tsopano wodzilemba yekha ntchito ayenera kukalembetsa, kulandira nambala ya TPIN, kusunga mabuku a zogula ndi zogulitsa, ndi kupereka yekha lipoti la ndalama zimene wapeza chaka chikatha. Mphunzitsi kapena namwino wa pachipatala cha boma la Neno amadulidwiratu msonkho pa malipiro kudzera mu PAYE, koma mwini chigayo ku Ligowe, wa golosale pa Zalewa, kalipentala, kapena wopikula tirigu ndi mbatatesi kwa Dambe alibe womudulira. Kwa amalonda ang'onoang'ono boma lidaika msonkho wosavuta kuwerengera, woyang'ana ndalama zonse zolowa m'malo mwa phindu.

Ngongole ya msonkho ya masiku ano imayamba mwakachetechete. Neno itapatulidwa ku Mwanza mu 2003 idakhala ndi khonsolo yakeyake, yomwe imadulitsa ziphaso za pamsika ndi malaisensi a bizinesi m'madera a mafumu Chekucheku, Dambe, Mlauli ndi Symon. Amalonda ena amayesa kuti akalipira zimenezi athana ndi msonkho wonse, pomwe ndalama za khonsolo ndi za MRA n'zosiyana. Ena adatenga TPIN pofuna kupeza oda imodzi ya ku sukulu kapena ku bungwe, osadziwa kuti nambalayo ikatsegulidwa lipoti limayembekezeka chaka ndi chaka, ngakhale malonda ataima. Kutalika kwa maofesi ndi kuvuta kwa misewu ya kumapiri m'dzinja kumawonjezera kuzengereza. Vutolo limaonekera tsiku limene munthu afuna satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, imene imafunika pogulitsa katundu ku boma.

Chilango cha lero ndi chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndipo lipoti likasowa MRA ili ndi mphamvu yodziwerengera yokha msonkho umene ikuganiza kuti munthuyo ayenera kulipira. Njira yobwerera ilipo: kupereka malipoti a zaka zonse zotsalira, kuwerengetsa ngongole, ndi kupempha kulipira pang'onopang'ono. Mu 2020, matenda a Covid-19 atavuta, boma lidatsegula mwayi wa miyezi 6 woti ongongola adziulule okha n'kumalipira popanda chindapusa. Makina a Msonkho Online nawo adachititsa kuti lipoti lizitumizidwa pa intaneti popanda ulendo wa ku Blantyre.

Chimene chimathandiza wamalonda powerengetsa ngongole yotere ndi umboni wolembedwa: malisiti a katundu wopikula, kope la zogulitsa za tsiku ndi tsiku, masitetimenti a ku banki ndi a Airtel Money kapena TNM Mpamba, komanso satifiketi za msonkho umene ogula adamudulira kale polipira. Wopanda mapepalawa amavutika kutsutsa chiwerengero cha MRA, pomwe wowasunga amalipira zokhazo zimene zikumuyenera.