CHITOLIRO CHA MALUME NDI GULU LA A KACHAMBA

Malume anga anatsika basi pa depoti ya Lilongwe m'chaka cha 1974 atanyamula sutikesi yachitsulo, bulangete lolemera la ku migodi, ndi kachitoliro kachitsulo ka mabowo 6 m'thumba la jekete. Chinali chaka chomwe ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown, boma n'kuimitsa ulendo wa ku Joni. Anafikira kwathu ku Kawale. Madzulo ankakhala pakhonde, n'kulowetsa chitolirocho m'kamwa mopendeketsa mpaka tsaya kutupa, ndipo ankaimba nyimbo zopanda mawu zomwe anaphunzira pa ulendo wawo woyamba. Ife ana tinkangoseka tsaya lija, poti makutu athu anali ku rumba ya pa wailesi. Malume atamwalira chitoliro chinasowa posamuka nyumba, ndipo pa ife tonse palibe anaphunzirako nyimbo ngakhale imodzi.

Chandikumbutsa zimenezi ndi mtsutso womwe unabuka pa msonkhano wathu wa alembi. Mnyamata wina anatimvetsera nyimbo za gulu la ku America lotchedwa Los Straitjackets, anthu oimba magitala okhaokha atavala zigoba za omenya mateche a ku Mexico. Atatha anati Azungu amadziwa kudzutsa nyimbo zakufa pomwe ife timangozikwirira. Ndinamutsutsa, koma nthawi inatithera, choncho ndayankha pano.

Tiyambe ndi zomwe anatibweretserazo. Nyimbo za surf zinabadwira m'mphepete mwa nyanja ku California, pakati pa anyamata okwera mafunde pa thabwa. Dick Dale anatulutsa "Let's Go Trippin'" mu 1961 ndi "Misirlou" mu 1962, akukanda chingwe chimodzi mofulumira kuti gitala amveke ngati madzi osefukira. The Ventures anali atatsogola kale ndi "Walk, Don't Run" mu 1960, chaka chomwenso The Shadows a ku England anatchuka ndi "Apache". The Beatles atafika ku America mu 1964, achinyamata anayamba kufuna nyimbo zamawu, ndipo magitala osayankhula aja anatha msika kwawo. Ku Japan ndi komwe The Ventures anakapeza khamu lowakonda. Patapita zaka 30, mu 1994, kanema wa Pulp Fiction anabwezeretsa "Misirlou" m'makutu a anthu, ndipo chaka chomwecho Eddie Angel ndi Danny Amis anadzutsa gulu lawo ku Nashville, mzinda wakutali ndi nyanja ngati Lilongwe yemwe. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1995.

Mfundo yomwe ndikutolapo ndi yoti nyimbo ikafa pakwawo kawirikawiri imakapulumukira kuchilendo. Izi zinachitikanso kuno, ndipo zinachitika Los Straitjackets asanaganizidwe n'komwe.

Nyimbo zomwe malume ankaimba zinali za kwela. Zinabadwira m'misewu ya Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, pakati pa anyamata omwe ankamva jazi wa ku America koma alibe ndalama yogulira saksofoni. Chitoliro chotsika mtengo chinalowa m'malo mwa lipenga, ndipo bokosi la tiyi lomangapo ndodo ndi chingwe chimodzi linalowa m'malo mwa bezi. Dzinalo ndi liwu lathu lomweli loti kwera, ndipo magalimoto a polisi onyamula anthu m'malokeshoni ankatchedwa kwela-kwela. Spokes Mashiyane ndiye anali mfumu ya chitoliro kuyambira 1954, ndipo mu 1958 nyimbo ya "Tom Hark" ya Elias and His Zig Zag Jive Flutes inagulidwa kwambiri ku Britain. Koma ulemererowo sunakhalitse. Mashiyane yemwe anatembenukira ku saksofoni, makampani ojambula mbale anatsata magitala amagetsi ndi mbaqanga, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1960 chitoliro chinali chitakhala choseweretsa ana.

Nthawi imeneyo banja la a James Kachamba linali litakhala ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kuyambira 1957 mpaka 1961. Ana awo awiri, Daniel wobadwa mu 1947 ndi mng'ono wake Donald, anakulira pakati pa magulu a anyamata oimba kwela m'lokeshoni. Atabwerera kumudzi kwa Singano ku Chileka anabwera nayo nyimboyo, n'kupanga gulu la gitala, chitoliro, bezi ya chingwe chimodzi ndi zisekese. Ankaimba m'misewu ya Blantyre ndi m'malo omwera mowa, ndipo kumeneko ndi komwe Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, anawapeza mu 1967. Anawajambula mawu ndi kanema. Mu 1972 a Kachamba anakaimba kunja mpaka ku Germany, ndipo mu 1974 buku la Kubik lonena za gululi, The Kachamba Brothers' Band, linatuluka m'Chingerezi kudzera ku yunivesite ya Zambia.

Wina anganene kuti awa anali ongotengera za ku Joni. Womvetsera bwino sangatero. Kwela inali tsinde chabe. Pa tsindelo anamezanitsapo sinjonjo, saba-saba, simanje-manje, twist, rumba ya ku Congo ndi ku Kenya, komanso hauyani, kaimbidwe kotsetsereza botolo pa zingwe komwe dzina lake ndi Hawaii yemwe uja, kwawo kwa masewera okwera mafunde. Daniel ankakanda gitala ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, chachikulu chikugwira bezi chinacho chikuyendetsa nyimbo, moti pa wailesi unkayesa ndi anthu awiri. Iye anaikamo mawu a Chichewa okhudza ulendo, umphawi, ukwati ndi imfa. Donald ndiye anasunga mbali yopanda mawu ija. Ankalowetsa chitoliro m'kamwa mopendeketsa, chimodzimodzi malume, kuti mphako ya m'kamwa ikuze liwu ndi kulipinda monga achitira oimba jazi. Tsaya lomwe ife tinkaseka lija linali luso.

Daniel anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40. Donald anapitiriza ndi gulu lake, momwe Kubik analowamo ngati woimba mnzawo pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi, ndipo anazungulira mayiko ambiri akuimba nyimbo yomwe ku Johannesburg inali itaiwalika. Mu 1999 anakaphunzitsa ophunzira a yunivesite ya California ku Los Angeles, dera lomwelo lomwe nyimbo za surf zinabadwira. Anamwalira mu January 2001, ndipo anyamata omwe anawaphunzitsa, monga Sinosi Mlendo, anapitiriza pansi pa dzina la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazzband. Ngati kudzutsa nyimbo ndi kuisunga yamoyo kwa zaka 40 eni ake ataitaya, ndiye kuti a Kachamba anachita zimenezo.

Komabe mnyamata uja sanalakwitse zonse, ndipo pano ndipo pondiwawa. Los Straitjackets ali ndi anthu akwawo ogula zimbale zawo. A Kachamba analemekezedwa kwambiri kunja kuposa kuno, ndipo zambiri zomwe Kubik anajambula zikusungidwa ku Vienna. Ife a ku yunivesite tinkaphunzira ndakatulo za ku England pomwe anyamata oimba mabanjo a chigubu ankadutsa pa zenera lathu. Ku Kawale, ku Biwi ndi kwa Chinsapo magulu otere analipo ochuluka. Tinkawaponyera makobidi, koma osawafunsa dzina kapena komwe anaphunzira. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba babatoni ndi gitala m'misewu ya Lilongwe kwa zaka zambiri, ndipo ambiri a ife tinayamba kuwawerengera atakaimba ku Zanzibar mu 2017 ndi ku Ulaya pambuyo pake. Babatoni yawoyo ndi mbale wake wa bezi ya chingwe chimodzi ya a Kachamba.

Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine wanga ndinamusiya mphepo n'kumuulutsa pakhonde la ku Kawale. Pempho langa kwa anzanga a msonkhano uno n'lakuti tchuthi chikubwerachi aliyense afunefune kwawo munthu wachikulire woimba chitoliro, banjo kapena hauyani, amujambule pa foni, amufunse yemwe anamuphunzitsa ndi chaka chomwe anaphunzira, ndipo alembe. Tikadzakumananso tidzawerengerane zimenezo tisanayambe ndakatulo.