Mbiri ya Chipatala cha Misala ku Zomba

Mu sewero lija la pa wailesi munamva dokotala wachizungu akulamula, wothandiza wachikuda akungoti "inde bwana", chonsecho amene ankamudziwa bwino wodwalayo ndi iyeyo. Pokambirana, amayi a ku Chia anafunsa kuti: kodi zotere zinkachitikadi?

Inde, zinkachitika. Malo osungirako odwala misala anatsegulidwa ku Zomba m'chaka cha 1910, ndipo anali pansi pa ndende yaikulu ya Zomba. Akuluakulu ake anali azungu. Anthu akuda ankagwira ntchito ya ulonda: kutseka zitseko, kugawa chakudya ndi kugwira wodwala akalusa. Omva chinenero cha odwala anali iwowo, koma ogamula anali azungu. Chipatala chenicheni chinatsegulidwa m'chaka cha 1953. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Amalawi anayamba kuphunzira unamwino wa matendawa, ndipo pang'ono ndi pang'ono anatenga utsogoleri.

Mantha amene timachita tikamva za "ku Zomba" anayambira pamenepo: makolo athu ankaona kuti wopita kumeneko wamangidwa. Lero wodwala maganizo ndi wodwala ngati wina aliyense.

Choncho amayi, mnzanu akabereka n'kuyamba kusowa tulo, kumangolira kapena kukana mwana wake, musamubise, musamumange ndi chingwe. Pitani naye ku chipatala chapafupi kapena cha boma ku Nkhotakota. Funsani dzina la mankhwala, kamwedwe kake ndi tsiku lobwereranso. Kufunsa si mwano, ndipo namwino ali ndi udindo wokuyankhani.