Mpira wofiira ndi mayina amene tinaupatsa

Fodya akakolekedwa m'chigafa, ku Kapelula kumapezeka maola oti munthu apumeko. Maola amenewo ine ndi anzanga tinkawathera pa foni ya Nokia ya amalume, yomwe anagula atagulitsa mabelo ku okushoni. M'fonimo munali Bounce, gemu ya mpira wofiira wodumphadumpha. Mwezi watha mphwanga anandiikira gemu yomweyo pa foni ya Android, ndipo chomwe chinayamba kubwerera ndi mawu amene tinkalankhula posewera.

Gemu yotere eniake amaitchula platform game. Liwu lathu loyenerera ndi nsanja, pakuti ntchito yonse ndi kuchoka pansanja ina kufika pa inzake osagwa. Ana a ku Japan ndi ku America ankaisewera pa Game Boy, kachipangizo ka m'manja komwe Nintendo inatulutsa mu 1989 pamodzi ndi Super Mario Land. Kachipangizoko sindinakaonepo m'mudzi mwathu. Ife nsanjazo zinatipeza pa foni, pa mabatani atatu: 4 kumanzere, 6 kumanja, 2 kudumpha.

Liwu lalikulu linali moyo. Poyamba umapatsidwa miyoyo itatu, ndipo mpira ukagunda munga n'kuphulika, umodzi umachoka. Wosewera ankafuula kuti “ndafa!” Agogo aakazi sankakondwa nalo liwuli. Ankati mwana satchula imfa pamasewera, ndipo akakhala pafupi tinkanena kuti “ndaphulika.” Lero ndimaona kuti imfa ya m'gemu inali mphunzitsi. Munga wokuphulitsa kachiwiri unkakuuza kuti wadumpha mochedwa, kachitatu n'kukuonetsa poyenera kuyambira kuthamanga. Miyoyo ikatha foni inkapita kwa wotsatira, choncho kufa kunali ndi mtengo wake weniweni: kudikira anthu anayi, batire ikutsika, kotchajitsa kuli kutali kumsika.

Zozungulira zimene mpira umayenera kudutsamo zonse kuti chitseko cha kumapeto chitseguke tinkaziti nkhata. Gawo lililonse tinkati levulo, liwu lobwereka lomwe linakhazikika msanga. Kamwala kachikasu kosunga pamene wafika, komwe m'Chingerezi amati checkpoint, kanali pogona, monga wapaulendo amene kukacha sayambiranso kwawo. Mpira ukapopedwa unkakula n'kumayandama pamadzi, ukaphwetsedwa unkachepa n'kumira kapena kulowa pampata wopapatiza. Apa gemuyo inkafuna nzeru kuposa liwiro, chifukwa ukaphwetsa msanga, nkhata ya pamwamba pa madzi sungaifikenso.

Dzina limene ndimalikonda koposa ndi kukhwima. Ukalemba manambala 787898 uli pakati posewera, minga inkaleka kuphulitsa mpira. Opanga magemu amati cheat code. Ife tinkati mpira wakhwima, ngati munthu amene watemera mankhwala kuti mpeni usamulowe. Ndipo tinkaweruza monga momwe mudzi umaweruzira: womaliza levulo ndi mpira wokhwima sankawerengedwa, ngakhale aliyense ankafuna kumva manambalawo. Palibe dzina lachilendo limene likadanena zonsezi nthawi imodzi, mphamvu ndi manyazi ake omwe.

Mu 2008 kunabwera Bounce Tales, yopangidwa ndi Rovio ya ku Finland, kampani yomwe chaka chotsatira inatulutsa Angry Birds. Inali yokongola, yokhala ndi nthano, koma pofika nthawiyo gulu lathu linali litabalalika.

Mawu atsopano ndawaphunzira kwa mphwanga uja. Pulogalamu imene anaika, J2ME Loader, ndi emulator, ndiye kuti imatsanzira foni yakale kuti magemu olembedwa mu Java athe kuyenda pa foni ya lero. Imatsanzira bwino zithunzi ndi phokoso, koma mabatani ndi ojambula pagalasi. Chala sichimva m'mphepete mwa 6, sichimva kudina kwa 2. Njira ya levulo yachitatu ndinali kuikumbukira yonse, minga ndi nkhata zake, koma ndinaphulika kasanu pamalo amene kale ndinkadutsa osaganiza. Mphwanga anaseka n'kufunsa ngati ndikufuna manambala aja. Ndinakana, ndipo madzulo omwewo ndinapita kwa amalume kukafunsa ngati Nokia ija ikadali m'sutikesi mwawo.