Mbiri ya Kuluka ndi Singano ya Ngowe ku Dera la Shikabeta

Kuluka ndi singano ya ngowe, kumene ambiri amakudziwa ndi dzina loti crochet, ndi luso lopanga nsalu ndi ulusi umodzi ndi kasingano kamodzi kopindika kunsonga. Woluka amakowa ulusi n'kuudutsitsa m'kadiso kamene wapanga kale, ndipo kadiso katsopanoko ndi kamene kamatsala pa singano kudikira kanzake. Apa m'pamene pali kusiyana ndi kaluso koluka majuzi ndi singano ziwiri, kumene timaso tambirimbiri timakhala pa singano nthawi imodzi. Luso la ngowe linafalikira m'midzi ya m'Zambia, kuphatikizapo dera la Mfumu Shikabeta ya Asoli m'boma la Rufunsa, kumpoto kwa msewu wa Great East kulowera ku mtsinje wa Lunsemfwa. Kumeneko dzuwa la mu Okutobala limaswa mtengo, moti bulauzi yopepuka yamabowomabowo ndiyo ikanayenera kukhala choluka choyamba. Komabe zoluka zodziwika m'midzi ndi mashawelo a makanda, zipewa, timasokosi ndi madoilo. Chifukwa chake chimapezeka potsatira mbiri ya ulusi umene oluka akhala akuupeza.

Kale anthu a m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi ankavala zikopa ndi chiwondo, nsalu ya khungwa la mtengo losulidwa mpaka kufewa. Thonje nalonso ankalidziwa. Pamalo otchedwa Ing'ombe Ilede, pafupi ndi Siavonga, pamene akatswiri anayamba kufukula m'chaka cha 1960, panapezeka zidutswa za nsalu ya thonje ndi zipangizo zopotera ulusi. M'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire munkaombedwa nsalu yokhuthala ya machila, ndipo David Livingstone atafika kwa Amang'anja mu 1859 anapeza thonje likulimidwa ndi kupotedwa m'midzi yambiri. Ntchito yoomba nsaluyi inali ya amuna. Nsalu zakunja zitayamba kuchuluka kudzera m'manja mwa Achikunda ndi amalonda a ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, kenako m'masitolo a nthawi ya atsamunda, kupota ulusi kunazilala. Pamene singano ya ngowe inkafika, mwambo wopota ulusi pakhomo unali utatha kale kapena uli pafupi kutha, ndipo kuyambira pachiyambi woluka anadalira ulusi wogula.

Lusoli si lakale kwenikweni ngakhale ku Ulaya. Malangizo oyamba osindikizidwa anatuluka m'magazini ya ku Netherlands yotchedwa Penélopé m'zaka za m'ma 1820, ndipo poyamba linali ntchito ya amayi a m'mabanja opeza bwino, oluka timatumba ta ndalama. Chimene chinalisandutsa ntchito ya amphawi ndi njala yaikulu ya ku Ireland, yomwe inayamba mu 1845 mbatatesi zitaola m'minda. Masisitere a ku Cork ndi akazi a abusa, monga Cassandra Hand wa ku Clones, anaphunzitsa amayi ndi atsikana kuluka lesi yogulitsa kuti mabanja apeze chakudya. Kalukidwe kake kanali kogawana: wina ankaluka maluwa, wina masamba, wina n'kulumikiza zonsezo ndi ukonde wa ulusi wopyapyala. Pofika m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, makolala ndi mabulauzi a lesi ya ku Ireland anali m'fasho ku London, Paris ndi New York. Bulauzi yamabowomabowo ya masiku ano inachokera kumeneko.

Lesi yotere inatheka chifukwa cha ulusi wa m'fakitale. Mu 1844 John Mercer wa ku England anapeza kuti thonje loviikidwa mu soda wamphamvu limalimba ndipo limagwira bwino utoto. Pambuyo pake ena anaonjezera njira yolikoka likadali lonyowa kuti lizinyezimira. Makampani monga J. & P. Coats a ku Paisley m'dziko la Scotland anagulitsa ulusi wotere padziko lonse, ndipo ndi ulusi wamtunduwu umene amishonale ndi eni masitolo anabwera nawo kuno.

Njira imene lusoli linadzera ku Ireland, ya masisitere ndi akazi a abusa, ndi yomwenso linadzera kuno. Kufupi ndi dziko la Asoli, ansembe a chipani cha Jesuit anatsegula mishoni ya Kasisi mu 1905, ndipo masisitere a ku Poland anafika kumeneko mu 1928. Kumpoto kwa dziko, Mabel Shaw anayambitsa sukulu yogonera ya atsikana ku Mbereshi mu 1915. M'sukulu za atsikana za mishoni ntchito ya singano inkatengedwa ngati phunziro lalikulu, mofanana ndi kuwerenga ndi katekisimu. Boma la atsamunda linalimbikitsa zimenezi bungwe la Phelps-Stokes litayendera maiko a kuno mu 1924. Sukulu za Jeanes zinatsegulidwa ku Mazabuka ndi ku Domasi m'dziko la Nyasaland mu 1929, ndipo ya ku Mazabuka inasamukira ku Chalimbana, m'dera la Chongwe, mu 1939. Mphunzitsi wopita ku Jeanes ankapita ndi mkazi wake. Mwamuna akamaphunzira zoyendera masukulu a m'midzi, mkazi ankaphunzira zaukhondo, kulera ana, kuphika, kusoka ndi kuluka, kuti akabwerera akaphunzitse amayi anzake. Chongwe ndi Rufunsa linali boma limodzi mpaka m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, choncho Chalimbana inali pafupi ndithu ndi midzi ya Mfumu Shikabeta, Mfumu Mpanshya ndi Mfumu Bunda Bunda.

Cholinga cha maphunzirowa chinali chochepa. Atsamunda ndi amishonale ambiri ankafuna mkazi wapakhomo wosamala nyumba monga mwa chizungu, ndipo mtsikana amene akanatha kukhala dokotala kapena kalaliki ankapatsidwa singano. Mlandu umenewu ndi woona ndipo suyenera kuchepetsedwa. Koma amayiwo sanalisiye lusoli pamene analipezera. Analitenga n'kulisandutsa lawo, n'kumaphunzitsana pa khonde ndi pansi pa mtengo, wopita kusukulu ndi wosapita yemwe. Ambiri sanaonepo buku la malangizo. Mayi ankabwereka choluka cha mnzake, n'kuchiyala pamwendo, n'kuwerenga timaso ndi chala mpaka kalukidwe konse katalowa m'mutu. Singano ikasowa, sipoko ya njinga inkadulidwa, kunoledwa pamwala ndi kubooledwa kamphako kunsonga, ndipo inkagwira ntchito zaka zambiri.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 makalabu a amayi anachuluka. Ku Mindolo, mumzinda wa Kitwe, kunatsegulidwa malo ophunzitsira amayi mu 1958, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 alangizi a zachitukuko anapitiriza ntchito ya makalabu m'midzi. Mabungwe a amayi a m'mipingo, monga Chigwirizano ndi Mvano, anathandizanso, pakuti pamene amayi asonkhana sabata ndi sabata luso limayenda msanga. Iyi ndiyo inali nthawi ya madoilo. Doilo limafuna ulusi wochepa, limatha m'masiku owerengeka, ndipo limaonekera kwa mlendo aliyense: pamsana pa mpando, pa wailesi, pamwamba pa kabati, kapena pa jagi ya madzi litalendewera mikanda m'mphepete kuti ntchentche zisalowe. Nyumba ya mphunzitsi kapena ya wobwera kuchokera ku migodi inkadziwika ndi madoilo oyera. Bulauzi yathunthu ikanadya mipira yambiri ya ulusi wodulawo, ndipo telala wa pakhonde la sitolo ankasoka bulauzi yansalu pamtengo wotsika kuposa pamenepo.

Ulusi wa acrylic, umene unayamba kugulitsidwa ku America cha m'ma 1950, unasintha zinthu kwambiri. Unali wotchipa, wamitundu yowala, wosasuluka msanga, ndiponso wokhuthala moti choluka chimakula mofulumira. Koma sumwa thukuta ndipo umasunga kutentha. Ndi wabwino pa shawelo ya mwana wobadwa mu Juni, pa chipewa, pa timasokosi ndi kajuzi zimene mayi woyembekezera amakonzeratu asanapite kuchipatala. Pa chovala cha m'chilimwe cha kuchigwa suyenera konse. Motero ulusi umene unkapezeka mosavuta unakokera oluka ku zofunda, ngakhale m'madera otentha.

Mafakitale a nsalu a dziko la Zambia, Kafue Textiles ndi Mulungushi Textiles ya ku Kabwe imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China, anafooka malonda atatsegulidwa pambuyo pa chisankho cha 1991. Ya ku Kabwe inatseka zitseko mu 2007. Pa nthawi yomweyo salaula, amene ku Malawi amati kaunjika, anadzaza misika kuyambira ku Soweto mu Lusaka mpaka m'timisika ta m'mbali mwa msewu wa Great East. Karen Tranberg Hansen analemba buku lonse pa malonda amenewa, lomwe linatuluka m'chaka cha 2000. Kwa oluka, salaula anabwera ndi zoipa ndi zabwino zomwe. Juzi yopangidwa ndi makina inayamba kugulidwa motchipa kuposa ulusi wolukira ina yonga iyo, ndipo msika wa majuzi oluka pamanja unagwa. Komanso juzi yomweyo inasanduka gwero la ulusi. Mayi amasankha yaikulu yopanda zigamba, amaphwasula msoko, amapeza nsonga ya ulusi n'kuyamba kusolola. Ulusi wosololedwawo umatuluka wopiringizika, ndiye amaukulunga pamsana pa mpando, amauviika m'madzi ofunda, n'kuuyanika atamangirira kanthu kolemera kuti uwongoke. Pajuzi imodzi ya munthu wamkulu pamatuluka zovala zingapo za khanda.

M'zaka zovutazo singano ya ngowe inadyetsa mabanja m'maiko angapo a kuno. Amayi a ku Zimbabwe anatchuka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ponyamula madoilo ndi nsalu zoluka za pabedi kukagulitsa khomo ndi khomo ku South Africa ndi ku Botswana, ndipo ana ambiri anaphunzira sukulu ndi ndalama imeneyo. Ku Lusaka, m'komboni ya Ng'ombe, bungwe la Chikumbuso lomwe linayamba mu 2005 linasonkhanitsa amayi amasiye amene amadula majumbo apulasitiki n'kulukira zikwama zogulitsa. Paliponse choluka chinatsatira chimene chinalipo cholukira.

Thonje lenilenilo limalimidwa m'Zambia momwemo, makamaka kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa dziko. Kampani ya boma ya Lintco ndiyo inkagula thonje kwa alimi mpaka pamene inagulitsidwa mu 1994, ndipo kuchokera pamenepo makampani a eni ake ndiwo amapereka mbewu ndi mankhwala pangongole n'kudzagula zokolola. Likachotsedwa njere, thonje lambiri limatumizidwa kunja lisanapotedwe. Ulusi wa thonje wolukira umabwera kuchokera kunja, n'kumagulitsidwa m'masitolo a mumzinda monga a ku Kamwala mu Lusaka. Mayi wa ku Shikabeta wofuna kuluka bulauzi ayenera kutuluka mpaka kumsewu waukulu ndi kukwera galimoto, kapena kutuma wachibale wopita ku tauni. Ayeneranso kugula ulusi wokwanira nthawi imodzi, chifukwa mpira wogulidwa mwezi wina umatha kusiyana mtundu pang'ono ndi woyambawo, ndipo kusiyanako kumaonekera pachovala.

Bulauzi yoluka yayamba kuoneka kwambiri m'zaka zaposachedwapa, makamaka pakati pa atsikana a m'mizinda amene amaphunzira kalukidwe pa YouTube ndi TikTok n'kumatsatsa malonda awo pa Facebook ndi WhatsApp. Foni yalowa m'malo mwa choluka chobwereka, koma ntchito ya manja sinasinthe. Ulusi wopyapyala wa thonje umafuna singano yachitsulo ya mamilimita awiri kapena kucheperapo, pamene wa acrylic wamba umalukidwa ndi ya mamilimita anayi. Mabowo amapangidwa poluka tcheni cha timaso tingapo n'kudumpha timaso ta mzere wapansi, ndipo mabowo akakula chovala chimapepuka, mphepo imadutsa, ulusi umalowa wochepa. Ena amaluka mbali yakutsogolo ndi yakumbuyo payokhapayokha n'kuzilumikiza m'mapewa ndi m'nthiti. Ena amayambira m'khosi kutsika m'munsi, kuti mwiniwake aziyesa ntchito ili mkati. Enanso amaluka timaluwa kapena timabwalo tambiri n'kudzatilumikiza, monga ankachitira ku Ireland. Thonje silitamuka ngati ubweya, choncho woluka wosamala amayamba ndi kachidutswa koyesera, amakachapa, n'kukayeza asanayambe chovala chenicheni. Ikachapidwa, bulauzi yotere imayanikidwa choyala, chifukwa ikapachikidwa pachingwe ili yonyowa imatalika ndi kulemera kwa madzi.

Kumudzi bulauzi yamabowo imavalidwa pamwamba pa kamalaya kena kapena imasokereredwa nsalu yopyapyala mkati, pakuti chovala choonetsa thupi sichilandiridwa kutchalitchi, pamaliro kapena pamaso pa apongozi. Vuto lalikulu kwa woluka ndi mtengo. Makina otha kuluka ndendende monga ilukira singano ya ngowe sanafale m'mafakitale, moti bulauzi iliyonse yeniyeni ya crochet imatenga masiku ambiri a manja a munthu, pamene wogula amaiyerekeza ndi bulauzi ya pasalaula. N'chifukwa chake oluka ambiri sayamba bulauzi popanda woitanitsa, ndipo amapempha ndalama ya ulusi pasadakhale.